Nkhuku Imene Mkamwini Sanadye

Tsiku la Rosalina linkayamba ndi matewera. Akawachapa n'kuwayanika pa waya wa kuseri kwa galaja, ankaviika mphodza, kukanda ufa wa chapati, kuyamwitsa mwana, kusesa pakhomo, kuthirira tsabola wa m'zitini, kenako kuyamwitsanso. Pakati pa zonsezi pankabwera nduwira. Nsalu ya nduwira inali yaitali kuposa chipinda chawo. Mwamuna wake, Sukhdev, ankagwira nsonga imodzi ataima pakhomo, iye n'kugwira inayo ali kukhitchini, n'kumakokana ngati ana a sukulu mpaka nsaluyo itapindika bwino. Ikatero Sukhdev ankaikulunga kumutu, n'kupita kuntchito.

Sukhdev Singh anali makaniki wa mathirakitala pa galaja ina ku Chinhoyi, m'dziko la Zimbabwe. Anabadwira ku Limbe, ku Malawi, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya njanji. Ndiye Chichewa chake chinali chosalala kuposa cha Rosalina, amene anakulira pa komboni ya pulazi la fodya, kumene munthu sangamalize chiganizo osaponyamo Chishona. Anadziwana tsiku limene Sukhdev anabwera kudzakonza thirakitala papulazipo n'kupempha madzi akumwa m'Chichewa, Rosalina n'kutsala pang'ono kugwetsa ndowa.

Sukhdev anali Msikhi, ndiponso wolumbira: tsitsi sameta, fodya sakhudza, mowa samwa, ndipo nyama anaisiya tsiku limene analumbiralo. Rosalina anali Mkatolika, ndipo anakhalabe Mkatolika. Anapangana asanakwatirane, pangano lake lalifupi: korona ikhala pa msomali wake kuchipinda, koma fodya, mowa ndi nyama m'nyumba sizilowa. Lamlungu Sukhdev ankamuperekeza ku Misa pa pikiapu ya kugalaja, n'kumadikira panja akumangitsa mabawuti a njinga yamoto ya ansembe.

Mvula ya chaka chimenecho itangoyamba, kunabadwa mwana wamkazi. Rosalina anakachirira kwa amayi ake pa komboni, ndipo manja oyamba kulandira mwanayo anali a amayi akewo, a Ricardina. Tsopano fodya anali atayamba kulowa m'mabani, mwana akumwetulira kale, koma dzina analibe. Kwa Asikhi dzina limaperekedwa pamaso pa buku lawo loyera, ndipo mabanja ochepa amene analipo ankasonkhana kunyumba ya mkulu wina ku Harare. Tsiku linali litasankhidwa: Lamlungu likubweralo. Mapemphero akatha, anthu onse amakhala pansi mzere umodzi, wamkulu ndi wamng'ono, n'kudya limodzi. Ndipo Sukhdev, monga bambo wa mwana, ndiye amene akanayenda mumzeremo kuika chakudya m'manja mwa aliyense.

Vuto linagona pamenepo. A Ricardina anali a ku Tete, ndipo upongozi ankausunga monga anaupezera. Chikwatire cha mwana wawo anali asanayang'anepo nkhope ya mkamwini. Akangomva pikiapu ikulowa pa komboni, ankalowa m'nyumba. Tsiku lina inawapeza panjira, iwo n'kuthawira m'bani la fodya, n'kutulukamo maso ali psuu. Kukhala mzere umodzi ndi mkamwini, n'kumutambasulira manja? Zimenezo anati akaziona kumanda.

Rosalina naye anali atanena zake. Amayi ake palibe, dzina palibe.

Njira inalipo imodzi. Kwawo kwa a Ricardina, manyazi a upongozi amatha mpongozi akaphikira mkamwini nkhuku, mkamwiniyo n'kudya. Kuyambira pamenepo amatha kulankhulana ndi kudyera pamodzi. Rosalina ankaudziwa mwambowo, ndipo n'chifukwa chake ankaupewa ngati chitsa cha panjira.

Lachinayi m'mawa, ali mkati mofinya matewera, anaona bambo ake, a Januario, akutsika lole ya papulazi imene inkabwera m'tauni kudzatenga feteleza. Anali atavala jekete ya kutchalitchi, m'manja atanyamula dengu lokutidwa ndi nsalu yoyera. Atafika pa mpanda anatulutsa kabotolo kawo ka fodya wamphuno, n'kukasiya pamwamba pa mtengo wa mpandawo monga mwa nthawi zonse.

"Roza, landira," anatero. "Amayi ako atsegula njira."

Rosalina anavundukula. Inali nkhuku yathunthu, yofiira bwino, nthutumba ili pamwamba. Anaizindikira ndi kukula kwake.

"Bambo, si thadzi lamawanga lija ili?"

"Lomwelo. Loikira tsiku ndi tsiku lija. Amayi ako anati mkamwini wotere sungamuphere tambala wokalamba."

"Komatu ndinakuuzani kuti sadya nyama."

"Unatiuza, ndipo tinamva. Mkamwini woleredwa amatero." A Januario anakhala pa thayala lakutha, n'kuwongola miyendo. "Ndinam'patsa mowa, anakana. Fodya, anakana. Nkhumba ya pa Khirisimasi, anakana. Amayi ako amanyadira komboni yonse, amati onani mwana wa anthu, akudikira mwambo. Mkamwini wa a Sixpence, anzathu a pa komboni aja, tsiku loyamba lomwelo ananyambita ndi mbale yomwe."

Rosalina anayang'ana bambo ake, n'kuyang'ana nkhuku. Zaka ziwiri zonsezi, makolo ake ankaona ngati munthu akungochita ulemu.

Dengulo m'nyumba silikanalowa. Analiika pa mgolo wa oyilo pamthunzi, n'kusanjika njerwa pamwamba chifukwa cha galu wa kugalaja. A Januario anapita kukathandiza kukweza feteleza.

Masana Sukhdev atabwera kudzadya, anapeza chapati zotentha ndi mkazi amene anali ataganiza kale zonse.

"Mverani kuno, inu," anatero Rosalina. Ankamuitana choncho, pakuti munthu sungakhale bambo a uje mwana alibe dzina. "Nkhukuyi ndidya ine ndi bambo kuseri kwa galaja. Bambo ndiwanyengerera, savuta pa nkhani ya nkhuku. Mbale ibwerera yopanda kanthu. Inu ntchito yanu ndi kupukuta pakamwa basi."

Sukhdev anaseka mpaka chibangili chake chachitsulo chinagunda mbale.

"Ndiye Lamlungu ndikaime pamaso pa buku, bodza lili m'ndevu?"

"Ndevu zanuzo zikhoza kubisa nkhuku yonse, osati bodza lokha."

"Ayi, Roza."

"Chabwino. Msuzi wokha. Kungoviika chala."

"Msuziwo wagwa ndi mvula?"

Rosalina anakhazika mphika wa mphodza patebulo mwamphamvu ndithu. "Inu mumaganiza za kumwamba. Ine ndikuganiza za amayi anga. Mbale ikabwerera yodzaza, ndiye kuti mwawatukwana. Lamlungu sabwera, ndipo mwanayu adzayamba sukulu akumuitana kuti Iwe."

Sukhdev ananyema chapati. Kenako anafunsa, "Amayi ali ndi nkhuku zingati?"

"Zatsala zochepa. Bwanji?"

"Akamva kuti ndadya, ulendo wotsatira adzapha ina. Pa Pasaka ina. Mwana akamera mano ina. Tidzanama mpaka khola litatha. Ndipo tsiku lina adzandiikira mbale pamaso pawo, poti manyazi adzakhala atatha. Pamenepo udzabisala kuseri kwa galaja iti?"

Rosalina anawerengera mumtima nkhuku za amayi ake, ndipo anaona kuti mwamunayo sakunama. Bodzalo linali lodula kuposa choonadi.

"Kapempheni pikiapu," anatero. "Mukanene nokha."

Ananyamuka dzuwa litapendeka, a Januario ali kumbuyo, dengu lili pamiyendo, nkhope ili ngati akuperekeza maliro. Msewu wa kupulazi unali matope okhaokha. Mbali zonse fodya anali ataima mpaka m'chifuwa, ndipo utsi wa m'mabani unkayenda pansipansi. Sukhdev anakweza galasi monga ankachitira nthawi zonse, n'kukaimika galimoto kutali ndi mabaniwo.

Pofika pakhomo, chitseko chinali chitatsekedwa kale, kungotsala kampata kolowa dzanja. Sukhdev ananjuta pabwalo, n'kuwomba m'manja mwa Chishona. A Januario anakhala pa mpando pakati pa iye ndi chitseko, pakuti mawu onse ankayenera kudzera mwa iwo, ngakhale kuti aliyense ankamva mnzake bwinobwino. Rosalina anakankhira dengu pa kampata kaja. Chitseko chinasuntha pang'ono, dengu n'kulowa. Kunamveka nsalu ikuvundukulidwa.

"Afunseni akamwini," anatero mawu a m'nyumbamo, "ngati mchere unachepa."

"Akuti mchere unachepa?" anatero a Januario.

"Auzeni amayi kuti sindinalawe," anatero Sukhdev. "Auzeni kuti ndathokoza ndi mtima wonse. Koma ndinalumbira pamaso pa Mulungu kuti nyama sindidzadya. Si ulemu ayi. Ndi lumbiro."

"Akuti si ulemu," anatero a Januario.

"Bambo, nenani zonse," anatero Rosalina.

"Amva kale, khomali ndi la udzu ndi dothi."

Mawu atabweranso anali otsika, opanda nthabwala.

"Afunseni anene zoona. Kapena kwawoko sadya zophika ndi manja ngati angawa?"

Rosalina sanaganizepo kuti amayi ake angasunge funso limenelo mumtima. Anatembenukira mwamuna wake. Sukhdev anali atagwetsa nkhope pansi, dzanja lili pachifuwa.

"Auzeni amayi," anatero pang'onopang'ono, "kuti kwathu amatiphunzitsa kuti manja onse ndi amodzi, n'chifukwa chake timadya titakhala pansi mzere umodzi. Auzeninso kuti za manja awo ndakhala ndikudya chikwatire. Mabotolo a chiponde amene amatumizira Roza aja, amene amamaliza ndine."

"Zoona, mayi," anatero Rosalina. "Amadya ndi supuni, ataima. Dovi lanu lija, chipondecho, ine ndimangomva fungo."

A Januario anatsokomola kuti abise kuseka. Koma chitseko sichinasunthe.

"Mwambo umati nkhuku," anatero mawu aja.

Rosalina anamasula mwana kumsana. Anali atamvapo nkhani ina kangapo, bambo ake akakhuta wa masese, ndipo anaona kuti nthawi yake yakwana.

"Bambo, inuyo agogo anakupherani nkhuku yamtundu wanji?"

A Januario anayang'ana chitseko, n'kuyang'ana mwana wawo, ngati munthu amene wauzidwa kuti awoloke mtsinje wodzaza.

"Chaka chimenecho kunagwa chitopa," anatero mosamala. "Nkhuku zinatha mudzi wonse. Anandiphikira therere ndi mbewa ziwiri."

"Zinali njiwa, inu," anatero mawu a m'nyumba mwachangu, osadzeranso mwa aliyense.

"Njiwa za michira."

Rosalina sanadikire kuti amalize. Anakankha chitseko, n'kulowa, n'kutsekanso. A Ricardina anali atakhala pa mphasa, dengu lili pambali, maso ali onyowa koma mkamwa mukulimbana ndi kuseka. Rosalina anawaika mwana pamiyendo.

"Mayi, mwanayu munamulandira ndinu. Alibe dzina chifukwa ndikudikira inu. Nanenso ndatopa kuitanidwa Roza ngati mtsikana wa kusukulu. Ngati njiwa zinakwana, nkhwani ukwananso. Kuseriku wayanga mpaka padenga la chimbudzi."

"Ndim'phikire masamba mkamwini?" ananong'ona a Ricardina. "Komboni yonse indiseke? Akazi a Sixpence adzaimba nyimbo pachitsime."

"Akazi a Sixpence mkamwini wawo anadya nkhuku, n'kuthawira ku Joni. Wanu ali pabwalo, wakhala pamatope ndi thalauza lochapa dzulo."

A Ricardina anayang'ana mwana nthawi yaitali. Mwanayo anawagwira chala, n'kuyamba kuchikokera kukamwa.

"Nsinjiro ndilibe zosinja kale," anatero pomaliza.

"Ndisinja ine."

"Nanga ndituluka bwanji? Khomo ndi limodzi."

Rosalina anasuzumira panja. "Inu, tembenukani. Yang'anani mtengo wa mango."

Sukhdev anatembenuka, n'kuyang'ana mtengo wa mango mwaulemu wonse. A Ricardina anadutsa kumbuyo kwake atadzifunditsa chitenje kumutu, akuyenda chammbali ngati nkhanu. Anakathyola nkhwani wanthete wokhawokha, nsonga ndi maluwa omwe, n'kukhala kuseri kwa nyumba kuusadzula. Rosalina anasinja mtedza. Anasankha mphika wadothi wophikira nyemba, umene sunaonepo mafuta a nyama. Anthu oyandikana nawo anayamba kupeza zifukwa zodutsira pamenepo, wina kufuna moto, wina kufuna mbuzi imene sinasowe.

A Januario anati chinthu chophikidwira mwambo sichitayidwa, ndipo wina ayenera kudzipereka. Anatenga dengu n'kupita nalo kuseri kwa khola.

Zitapsa, Rosalina anatambasula manja kuti anyamule mbale, koma amayi ake anamukaniza.

"Mwambo umati ndipereke ndekha."

Anayenda mpaka pamtengo wa mango, n'kugwada, nkhope atatembenuzira kumbali. Anaika madzi osamba m'manja, nsima imene kumeneko amati sadza, ndi mbale ya nkhwani wotendera. Sanachoke. Anakhala pomwepo, akuyang'ana nkhuni.

Sukhdev anasamba m'manja, n'kutseka maso pang'ono, n'kuyamba kudya. Sanadye ngati mlendo. Anadya ngati munthu amene wakhala tsiku lonse pansi pa thirakitala. Anakombeza mbale ndi mbamu yomaliza mpaka inawala. Kenako anayang'ana uku ndi uku kufuna a Januario oti anenere, koma a Januario anali adakali pa ntchito yawo kuseri kwa khola.

"Mayi," anatero Sukhdev, "watsalako?"

Wofuna moto uja anaima. Wofuna mbuzi anaimanso.

"Ulipo, mwanangu," anatero a Ricardina.

Ndiye anatembenuka, n'kumuyang'ana. Anayamba ndi nduwira, kutsika ku nsidze, ku mphuno, ku ndevu zimene zinali ndi kansinjiro pang'ono. Anamuyang'ana mosafulumira, ngati akusankha nsalu m'sitolo.

"Roza," anatero, "iwe umandilola kumanena kuti mphuno ya mwanayu ndi ya kwathu ku Tete? Si iyi ili apayi?"

"Ndikanakuuzani bwanji, mayi, munthu simunamuonepo?"

A Januario anatulukira akupukuta zala ndi tsamba la nthochi, n'kufunsa ngati pali mawu oti anene. Anauzidwa kuti ntchito yawatha.

Lamlungu anapita onse ku Harare pa pikiapu. Zovula nsapato, kufunda kumutu ndi kukhala pansi a Ricardina sanaone chachilendo. Anati kwawo anthu aulemu amatero kale. A Januario anasiya kabotolo kawo m'galimoto, anthu a kumeneko anawamanga kansalu kumutu, ndipo anakhala tsiku lonse akugwiragwira thumba lopanda kanthu. Nyimbo awiriwa sanamve ngakhale liwu limodzi, koma a Ricardina ankagwedeza mwana motsatira ng'oma zake. Mkulu uja anatsegula buku, n'kuwerenga, ndipo dzina linalengezedwa: Manjit Kaur.

Kenako Sukhdev anabwera mumzere ndi mbale yaikulu ya chakudya chopatulika, chophikidwa ndi ufa wa tirigu, batala ndi shuga, chidakali chofunda. Atafika pa apongozi ake anawerama. A Ricardina anatambasula manja onse awiri, n'kulandira. Analawa.

"Batala wachuluka, bambo a Manjiti," anatero. Theka anadya, theka anamanga pa nsonga ya chitenje kuti akaonetse akazi a Sixpence.

Pobwerera, amake Manjit anakhala kutsogolo mwana ali pamiyendo, n'kuwerengera zimene zinapita. Thadzi lamawanga linapita, ndipo Sukhdev anagula misoti iwiri yolowa m'malo, umodzi n'kugwidwa ndi mphamba sabata yomweyo. Malipiro a theka la tsiku anadulidwa kugalaja. Petulo wa maulendo awiri, wa kupulazi ndi wa ku Harare. Ufa, shuga ndi batala za anthu onse aja. Misa imodzi inaphonyedwa ndi anthu atatu, ndipo a Ricardina anakaulula kwa ansembe m'malo mwa onse. A Januario anakhala tsiku lathunthu opanda fodya, ndipo nkhani imeneyo sanaisiye mpaka Pasaka. Chitenje chatsopano cha a Ricardina chinatsala ndi banga la batala limene silinachoke ndi sopo aliyense. Nkhwani sunawerengedwe, unali wa kuseri kwa nyumba.